Masamba a ku Mulanje

Kwathu ku Mulanje mawu oti masamba ali ndi matanthauzo awiri, ndipo mlendo wosachenjera amasokera nawo. Mayi akanena mbandakucha kuti akukathyola masamba, uyang'ane chomwe wanyamula. Ngati wabereka dengu lalikulu kumsana, dziwa kuti akunka ku esiteti, ndipo masamba akewo akafota kufakitale, nkupotedwa, nkuumitsidwa, adzagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe kuti akamwedwe ndi anthu a ku London omwe sadziwa ngati Ruo ndi mtsinje kapena dzina la munthu. Koma ngati watenga lichero, akupita kuseri kwa nyumba kapena kudimba, ndipo ulendo wa masamba akewo ukathera mumphika. Masamba oyambawo ali ndi mbiri yolembedwa m'mabuku. Adabzalidwa kwathu mu 1891 ndi Mzungu wina dzina lake Henry Brown. Ali ndi akatswiri owafufuza ku Mimosa, ali ndi sikelo, alonda ndi akapitawo. Masamba achiwiriwo alibe sikelo, alibe kapitawo, chonsecho ndiwo adatilera.

Nkhani yanga ndi ya masamba opanda kapitawowa, pamodzi ndi zipatso, ndiponso ya mwana wa mlongo wanga amene ali ndi zaka zitatu adatsimikiza mtima kuti zinthu zimenezi sizidzadutsa pakhosi pake.

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza sangakhulupirire kuti m'dera limeneli mungakhale mwana wosowa chipatso. Pa Chitakale, pa Limbuli ndi pena paliponse pomwe minibasi ingaime, mazenera amadzaza ndi manja: zinanazi, mapeyala, nthochi, magwafa, mango pa nyengo yake. Mvula yomwe phiri limakoka imasunga dziko lobiriwira pamene maboma ena auma kale. Kudamangidwa mpaka fakitale ya ADMARC yoika zipatso m'zitini. Komatu kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti m'Malawi muno ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 adali opinimbira, ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha mwa 100 ndiwo ankadya mokwanira ndi mosinthasintha monga kufunikira. Mawerengerowa ndi a dziko lonse, koma aliyense amene adaimapo pa mzere wa kusikelo kwathu akudziwa kuti Mulanje sadapatulidwe. Manja omwe amakweza chinanazi pa zenera la minibasi ndi omwewo amene amabereka ana opinimbirawo.

Gwero limodzi la vutoli lili m'chilankhulo chathu chomwechi. Kwa ife chakudya ndi nsima. Munthu atha kudya mango asanu, theka la chinanazi ndi mapeyala awiri, koma ukamfunsa madzulo akuuza kuti chidzukire sadalawe kanthu, ndipo sakunama ayi, sadadye, amangotafuna. Zipatso tidaziika m'gulu la zoseweretsa pakamwa, zoyenera ana ndi anyani. Ndiwo nazo zili ndi maudindo. Pamwamba pali nkhuku, kenako nyama ya mbuzi, chambo, matemba a ku Chilwa, usipa, nyemba ndi nandolo. Masamba ali pansi penipeni, moyandikana ndi mchere. Mlendo akakupeza utaphika nkhwani, mawu oyamba pomupatsa madzi osamba m'manja amakhala opepesa: "Pepanitu, lero tangopeza masamba." Kupepesa kumeneku mwana amakumva. Sanadziwe kuwerenga, sanadziwe chaka chomwe adabadwa, koma wadziwa kale kuti m'nyumba muno muli ndiwo zina zomwe akulu amachita nazo manyazi.

Ife tili ana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, padalibe munthu wotinyengerera kudya zipatso. Tinkadzipezera tokha, ndipo chaka tinkachiwerenga ndi m'kamwa: mango kuyambira Novembala, masuku m'tsinde mwa phiri mvula ikamayamba, mapeyala ndi magwafa dzinja likamapita kumapeto, malalanje ndi manachesi m'nyengo yozizira, nthochi ndi mapapaya chaka chonse. Tinkafika pakhomo milomo ili chikasu, malaya ali utomoni wokhawokha, akulu nkumatikalipira kuti mango adzatidwalitsa malungo. Malungowo ankabweradi, koma ankabwera ndi udzudzu, womwe umaswana m'zithaphwi za mvula yomwe imagwa mango akamapsa. Kusukulu aphunzitsi ankatilowezetsa magulu atatu a zakudya: zokulitsa, zopatsa mphamvu ndi zoteteza ku matenda. Palibe adatiuza kuti gulu lachitatulo ndi lomwe tinkagenda ndi miyala m'njira popita kusukuluko.

Mwana wa lero sangachite zomwe tinkachita ifezo, ndipo si ulesi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo anthu onsewa apanikizika pakati pa minda ya tiyi ndi phiri, lomwe lidasanduka nkhalango ya boma mu 1927. Munda womwe agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Pa kamunda kotere mtengo wa mango umasanduka mdani, poti mthunzi wake umapha chimanga. Umagwetsedwa nkukaotchera njerwa. Misuku yambiri idapita ndi makala. Nthochi zidalowedwa ndi chisaka, nthenda yofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi imene idaoneka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, ndipo idapulula minda ku Thyolo ndi kwathu mpaka amalonda adayamba kukapikula nthochi ku Tanzania ndi ku Mozambique. Kale chipatso chinkakhala ndi mtengo umodzi, womwe chidaberekapo. Lero chili ndi iwiri, ndipo wachiwiriwo umadziwika chipatso chisanakhwime, pakuti ogula ochokera ku Blantyre amalipiriratu mtengo wonse wa mapeyala akadali anthete. Mwana amene angagende peyala lotero wagenda ndalama ya munthu.

Mlongo wanga amagulitsa zinanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu. Chinanazi chimodzi chikadyedwa pakhomo ndiye kuti sopo wa sabata imeneyo wachepa, ndipo masamu ake pamenepa ndi olondola. Madzulo akamaweruka amapatulako kandalama nkugulira mwana kapaketi ka tofutukuka tamchere tija ndi firizesi wofiira, chifukwa ndi zomwe mwana amalirira, ndiponso ndi zomwe zimauza anansi kuti lero amake apindula. Chinanazi chapita ku Blantyre. M'malo mwake mwabwera mpweya wothira utoto. Akale adanena za chikomekome cha mkuyu asanaone kapaketi, koma ngakhale mkuyuwo, ndi nyerere zake zomwe, uli ndi thanzi kuposa kapaketiko.

Mu Disembala 2022 nditapita kutchuthi, Amayi adandionetsa buku la kusikelo la mdzukulu wawo asanandifunse ndi za ulendo zomwe. Mzere wa kulemera kwake, womwe uyenera kukwera ngati njira yopita ku Chambe, udali utagona chigonere kwa miyezi inayi. Mwanayo sankadwala zoti nkumugoneka kuchipatala, koma chimfine sichinkamuchoka, m'mbali mwa milomo mudali tizilonda, ndipo kuchimbudzi ankapita ndi misozi. Chakudya chake chidali nsima yoviika mumsuzi, tiyi ndi mandasi. Katsamba kakangooneka m'mbale ankakatola ndi zala ziwiri nkukaika pansi mwaulemu, monga munthu wobweza mphatso yomwe si yake. Ukamufunsa, yankho lidali limodzi: "Ine si mbuzi." Mwini wake wa mawu amenewa tonse tinkamudziwa.

Bukulo Amayi sadandionetse chifukwa choti ndimakhala pakati pa mabuku ku Zomba. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Mwana wa mlongo akaonda, amene amafunsidwa ndi ine.

Mlongo wanga adali atayesa zonse zomwe mayi wotopa amayesa. Adamutsinapo mphuno kuti ayasamule. Adamuopsezapo ndi jakisoni wa kuchipatala, ndi fisi, ndi Napolo. Adalonjezapo switi pa mbamu iliyonse yodyera bonongwe. Zotsatira zake zidali zoti mphika ukangoteleka mwanayo ankakabisala kuseri kwa bafa, ndipo nthawi ya chakudya idasanduka bwalo la milandu.

Zimenezi akatswiri adazifufuza kalekale. Mayi wina wa ku America, Leann Birch, adatha zaka zambiri akuyang'ana momwe ana aang'ono amadyera, ndipo zomwe adapeza zikufotokoza bwino za kuseri kwa bafa kuja. Mwana ukamuuza kuti adye ichi kuti umupatse icho, amaphunzira kuti ichi ndi chilango ndipo icho ndiye chakudya. Chomwe ukumukakamizacho amadana nacho kuposa kale. Adapezanso kuti mwana amayamba kuvomereza chakudya chachilendo atachilawa kambirimbiri, nthawi zina maulendo 8 mpaka 15, pamene makolo ambiri amagwa ulesi pa ulendo wachitatu nkugamula kuti mwanayu sakonda masamba. Mu 1980 adakhazika mwana wokana ndiwo inayake pamodzi ndi anzake oikonda, ndipo patapita masiku ochepa mwanayo adayamba kusankha yomwe ankakana ija. Katswiri wina, Julie Mennella, adaonetsa mu 2001 kuti fungo la chakudya cha mayi limafika kwa mwana akadali m'mimba ndiponso kudzera m'mawere: ana omwe amayi awo ankamwa madzi a karoti adalandira phala la karoti mosavuta. Ndiye kuti mayi wapakati wodya chisoso wayamba kale kuphunzitsa. Kuopa zachilendo nako kuli ndi nyengo yake. Kumakula kuyambira zaka 2 mpaka cha m'ma 6, nthawi imene mwana wayamba kuyenda yekha. M'dziko momwe muli bowa wakupha ndi chinangwa chowawa, mantha amenewa si uchitsiru. Lilime la mwana limathawa chowawa chifukwa nthawi zambiri chowawa cha m'tchire chimapha.

Amayi sadawerengepo Birch kapena Mennella, ndipo nditawafotokozera adangoti, "Azunguwo adalipidwa kuti aone zimenezi?" Adapempha kuti kuyambira tsiku limenelo mwanayo azidya kwa iwo, ndipo adaika lamulo loyamba: munthu asamufunsenso, asamukalipire, asamuyamikire. Masamba ankaikidwa m'mbale tsiku ndi tsiku, pang'ono pokha ngati kachala, ndipo akawaika pansi palibe ankatembenuka. Adamukhazika pamphasa imodzi ndi ana a kwa mng'ono wawo, atsikana a zaka 6 ndi 8 amene amadya nkhwani ngati akupikisana. Koma adamupatsa kambale kakekake. Mbale imodzi imaphunzitsa kugawana, komatu imaphunzitsanso kuti wa manja afupi amagona ndi njala, ndipo wophika sadziwa amene wadya ndi amene wangonyambita zala. Alangizi a zaumoyo amanenanso chimodzimodzi: mwana wamng'ono adye ndi anzake, koma m'mbale yake.

Chachiwiri, adamulemba ntchito. M'mawa ankapita naye kudimba atamunyamulitsa kalichero, nkumuonetsa nsonga yanthete ya nkhwani, bonongwe wosachita maluwa, kholowa wa masamba opyapyala. Pobwera ankakhala naye pansi kusadzula nkhwani, iye nkumang'amba masamba ambiri kuposa omwe wasadzula. Zong'ambikazo Amayi sankataya. Ankamupatsa pamodzi ndi phwetekere mmodzi ndi kamchere kuti akaphike kumasanje ndi anzake aja. Ndidaona ndi maso angawa mwana wokana nkhwani wophikidwa ndi anganga ake, amene aphika kwa zaka zoposa 50, akudya nkhwani wosapsa bwino, wa mchenga, wophikidwa m'chitini cha phwetekere, chifukwa wophika adali iye. Kenako adanditengera ine gawo langa pa tsamba la mango. "Amalume, idyani. Musataye." Ndidadya.

Chachitatu chidali nsinjiro. Masamba ophika ndi madzi ndi mchere wokha ndi ndiwo ya munthu wamkulu amene wasowa pogwira. Koma otendera amafewa, amanunkhira, ndipo kuwawa kwake kumabisala. Mwanayo adayamba ndi kunyambita msuzi wa nsinjiro nkusiya masamba. Patapita masiku tizidutswa tina tidayamba kumupulumuka. Apa nzeru za m'khitchini ndi za m'buku zimagwirizana, pakuti vitamini A wa m'masamba obiriwira ndi m'zipatso zachikasu salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndipo mtedza uli ndi mafutawo. M'phala la m'mawa Amayi ankathiramo supuni ya ufa wa masamba a cham'mwamba oumitsa pamthunzi, tsiku lina peyala lokanya, tsiku lina nthochi. Sankabisa. Ankathira mwanayo akuona, ndipo nthawi zina wothira ankakhala iye yemwe.

Pomwe tidasiyana maganizo ndi pa soda ndi tiyi. Ndidawauza kuti soda ndi chidulo zimafewetsa masamba msanga koma zimaononga vitamini C ndi mavitamini ena, monganso kuwiritsa nthawi yaitali nkutaya madzi. Iwo adayankha kuti therere lopanda soda si therere, ndipo chigwada chosasinja ndi kuwiritsa mokwanira chimaledzeretsa mwana, zomwe nzoona, poti masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka ndi kusinja ndi moto. Tidagwirizana pakati: soda atsale ku therere, chigwada chipse monga mwa kale, koma nkhwani, bonongwe ndi mpiru zilowe m'madzi ochepa owira kale, ziphulidwe zikadali zobiriwira. Za tiyi zidavuta koposa, chifukwa kuuza munthu wa ku Mulanje kuti tiyi ali ndi vuto kuli ngati kunyoza mfumu m'bwalo lake. Koma tiyi womwera pa chakudya amatsekereza ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba kuti asalowe m'magazi, pamene gwafa, papaya kapena lalanje lodyera pomwepo limamuthandiza kulowa. Tiyi wa mwana adachotsedwa. M'malo mwake padabwera kagawo ka papaya, kotsukidwa bwino chisanadulidwe, pakuti chaka chimenecho kolera adavuta kwambiri m'dziko muno.

Padatsala mwini mawu aja. Mwambo wa kwathu sulola mpongozi kukhala pansi ndi mkamwini nkumakambirana za m'mbale mwake. Akakumana panjira wina amapatuka. Tsono wotumidwa ndidali ine. Mlamu wanga amathyola tiyi, ndipo ndidamupeza madzulo akusamba m'miyendo pakhonde.

"Alamu, mwana uja akuti si mbuzi. Mawuwa adawatola kuti?"

Adaseka, kenako adakhala chete. "Alamu, ine masamba ndimakhala nawo kuyambira kusanache mpaka dzuwa litapendeka. Ndikafika pakhomo ndiwapezenso m'mbale?"

Tidaseka tonse, koma adapitiriza ndi mawu ena. Adandiuza za njala ya 2002, ali mnyamata, pamene kwawo adatha masabata akudya nkhwani wopanda nsima, wopanda mchere, mpaka mlongo wake wamng'ono adatupa miyendo. Adalumbira nthawi imeneyo kuti akadzayamba kulandira ndalama, mwana wake sadzadya zimenezo. Kwa iye usipa wa tsiku la malipiro ndi kapaketi kaja zidali umboni woti lumbirolo wasunga. Sindidamuwerengere mavitamini. Ndidangomuonetsa buku la kusikelo, ndi kumupempha chinthu chimodzi: adye ndiwo zomwe zaphikidwa, mwanayo akuona, ndipo za mbuzi zitsale kukhola. Mawa lake adaitana mwana wake kuti adzakhale pafupi, adatema mbamu, adapisa mu bonongwe wotendera, nadya osanena kanthu. Mwanayo adamuyang'anitsitsa pakamwa mpaka adameza. Tsiku limenelo iye sadadye. Adadya patapita masiku anayi, kuchokera m'mbale ya bambo akewo.

Za zipatso Amayi adaweruza mwachidule. Kuseri kwa khitchini kuli mipapaya iwiri ndi mgwafa umodzi. Adalengeza kuti imeneyo ndi mitengo ya ana, ndipo chipatso chake sichidzaona msewu. Pa katundu wa mlongo wanga adalamula kuti peyala lofewa kwambiri ndi chinanazi chobvulala, zomwe madzulo zimagulitsidwa motaya, zizibwera kunyumba m'malo mwa kapaketi. Chipatsocho chinkaperekedwa chakum'mawa ndi chakumasana pamene njala yaluma, chodulidwa tizidutswa toti kadzanja kagwire, njere zitachotsedwa. Bungwe la WHO lidalangiza mu 2023 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 5 azidya magalamu 250 a zipatso ndi masamba pa tsiku, wa zaka 6 mpaka 9 magalamu 350, ndipo wamkulu 400. Pomva chiwerengerocho munthu amaganiza za chuma chambiri, koma magalamu 250 ndi nthochi ziwiri zapakatikati ndi chipande chimodzi cha ndiwo. Pa sikelo ya Febuluwale mzere uja udadzutsa mutu.

Kenako kudabwera Freddy. Mu Malichi 2023 mvula idagwa masiku angapo osalekeza, phiri lidatsitsa miyala ndi matope, milatho idakokoloka, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Pakhomo pathu palibe adamwalira, koma dimba lidakwiriridwa ndi mchenga, chimanga chomwe chidali pafupi kukhwima chidagona m'matope, mipapaya iwiri ija idagwa, ndipo msewu utaduka malonda a mlongo wanga adaima. Kudalibe usipa, kudalibe mandasi, kudalibe kapaketi. Chomwe chidalipo ndi ufa wochepa wa chithandizo ndi mfutso wa chitambe womwe Amayi adasunga m'chikwatu chopachika kudenga.

Madzi ataphwa, zoyamba kumera pa matope aja sizidali zobzala. Adali bonongwe ndi chisoso, zomwe sizidikira mlangizi kapena kuponi ya feteleza. Patapita masabata angapo kudabwera kholowa, kuchokera ku mbewu ya mbatata yofiira m'kati yomwe Amayi adapempha kwa achibale a ku Thyolo. Mbatata zimenezi, zomwe zina zidatulutsidwa ndi akatswiri a ku Bvumbwe mu 2011 ndi maina onga Kadyaubwerere, Anaakwanire ndi Mathuthu, zili ndi vitamini A wambiri, ndipo ntchito yozifalitsa mu Africa idapatsa Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low mphotho ya World Food Prize mu 2016. Mbatata yake imafuna miyezi, koma masamba ake amathyoledwa msanga. M'miyezi imeneyo ndidaona kusiyana kwa ana. Pakhomo loyandikana nafe padali kamnyamata ka msinkhu womwewo komwe kankalira usiku ndi njala mbale ya chisoso ili patsogolo pake, chifukwa panalibe adakaphunzitsa pa nthawi ya mtendere, ndipo njala si mphunzitsi wachangu monga timaganizira. Mwana wa mlongo wanga ankadya chomwe chapezeka. Adaonda pang'ono, monga tonse, koma sadatupe ndipo sadagonekedwe. Apo ndidamvetsa chifukwa chomwe Amayi adaumirira: m'dziko lomwe Napolo amadutsa, mwana wodziwa kudya masamba ali ndi nkhokwe yomwe madzi sangakokolole.

M'nyumba yosungira mabuku muno muli buku la Jessie Williamson, amene adagwira nawo kafukufuku wa kadyedwe ka anthu a m'dziko muno mu 1938 ndi 1939. Lidatuluka mu 1955 ndi dzina loti Useful Plants of Nyasaland, ndipo Yunivesite ya Malawi idalisindikizanso mu 1975. M'menemo muli maina a masamba ndi zipatso zambiri zomwe agogo athu ankadya. Ndidawerengera Amayi ena mwa mainawo. Ambiri adawadziwa, ndi komwe amamera, ndi kaphikidwe kake. Mlongo wanga adadziwa ochepa. Ndikadawerengera inu, anzanga, sindikukhulupirira kuti tikadafika patali tisanayambe kuyang'anana. Magulu atatu aja boma lidawasandutsa asanu ndi limodzi, ndipo zamasamba ndi zipatso tsopano chilichonse chili ndi gulu lakelake pa zithunzi zopachikidwa m'zipatala. Ena mwa inu mudzajambula zithunzi zotero, ena mudzalemba ndondomeko zake m'maofesi a ku Lilongwe. Koma madzulo ano mukamabweza mbale komwe mumadyera, muyang'ane chomwe chatsala pa mbalezo. Nyama siitsala. Ana omwe mudzabereke sadzawerenga ndondomeko zanu asanafike zaka 6, adzakuyang'anani pakamwa.

Mwana uja tsopano wakula, ndipo ali ndi mng'ono wake amene wangoyamba kuyenda. Mipapaya idabzalidwanso, itatu m'malo mwa iwiri, ndipo lamulo lake silidasinthe. Bonongwe, nkhwani, kholowa, chigwada ndi therere amadya osafunsa. Luni yekha ndiye amakana mpaka lero, ngakhale atendere chotani. Mlongo wanga adafuna kuyambanso nkhondo, koma Amayi adamuletsa.

"Musiyeni. Luni ndi wowawa. Amafuna munthu amene wayamba wakula."